Kusiyira bungwe la achinyamata mphatso mu wilo: zoyenera kuchita mudakali moyo

Amalume anga anaphunzitsa m'sukulu za pulaimale za boma lino la Zomba kwa zaka zambiri, ndipo atapuma pantchito anagula makina awiri osokera, opalasa ndi mapazi aja, n'kuwaika pakhonde la nyumba yawo kuti anyamata ndi atsikana a kalabu ya achinyamata ya m'dera mwathu aziphunzirirapo utelala akaweruka kusukulu. Tsiku lina masana, ndikuwagwirira kabotolo ka mafuta pamene iwo ankapukuta fumbi pa lamba wa makinawo, anandiuza kuti, "Mphwanga, ine ndikadzatsikira kulichete, makina awa ndi a ana awa, ndipo pa kangachepe kali kubanki kaja mudzawapatseko kogulira nsalu ndi ulusi." Ndinayankha kuti, "Ndamva, amalume," ndipo nkhani inathera pakhonde pomwepo. Atatisiya, abale atakhala pansi kukambirana za katundu wa malemu, ndinafotokoza zimene anandiuza zija. Palibe amene ananditsutsa mwamwano, koma amalume aang'ono anandifunsa funso limodzi lokha: "Nanga zimenezo analemba pati?" Makina amodzi anapita kumudzi, enawo anagulitsidwa kuti tibweze ngongole ya bokosi, ndipo kalabu ija sinalandire ngakhale singano. Abale aja sindiwaimba mlandu, chifukwa analibe chogwirika m'manja kupatula mawu anga. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti ine amene ndinamva mawuwo sindinawalimbikitse amalume kuti tikalembe.

Nkhani za chuma cha masiye m'Malawi muno zimayendetsedwa ndi lamulo la 2011 lomwe ambiri amangolitchula mwachidule kuti Deceased Estates Act, limene linalowa m'malo mwa Wills and Inheritance Act ya 1967. Lamuloli limapatsa ufulu munthu aliyense amene wakwanitsa zaka 18 ndipo mutu wake ukuyenda bwino woti alembe wilo yofotokoza kumene katundu wake adzapite. Munthu akamwalira osasiya wilo, chuma chake chimagawidwa pakati pa mkazi kapena mwamuna wake, ana ake ndi ena amene ankadalira iye, ndipo pamndandanda umenewu palibe malo a kalabu, mpingo kapena bungwe lililonse, ngakhale malemuyo atakhala kuti ankalikonda chotani. Ndikudziwa kuti ambirife timaopa kuti kulemba wilo n'kudziitanira imfa, koma imfa sifunsa ngati munthu walemba kapena ayi, ndipo amene amavutika ndi mantha athuwa ndi otsala.

Musanaganize za bungwe, yambani mwaganiza za a pakhomo panu. Izi sindikunena pofuna ulemu chabe, koma chifukwa lamulo lomweli limalola mkazi, mwamuna kapena mwana amene sanasiyiridwe chokwanira kukadandaula kukhoti, ndipo khoti likhoza kulamula kuti apatsidwe gawo loyenera kuchokera pa chuma cha masiyecho ngakhale wilo ikunena zina. Ana obadwa kunja kwa ukwati nawonso ndi ana pamaso pa lamulo, choncho amene akudziwa kuti ali ndi mwana kwina asamubise polemba wilo, chifukwa mwanayo akadzatulukira pamaliro mlandu wake udzaimitsa zonse, ndi mphatso ya achinyamata yomwe. Mphatso yolimba ndi imene mkazi wamasiye angaimve ikuwerengedwa osaona ngati yalanda nsima pakamwa pa ana ake. Ngati muli ndi ana amene adakali pasukulu, ndi bwino gawo la bungwe likhale laling'ono, kapena mulembe kuti lidzaperekedwe pokhapokha zosowa za anawo zitakwaniritsidwa.

Kenako khalani pansi ndi kope, mulembe zonse zimene muli nazo, n'kusiyanitsa zimene zilidi zanu ndi zimene mumangozigwiritsa ntchito. Apa ndi pamene ambiri a kuno timalakwitsa. M'midzi yambiri ya kwa Mwambo, kwa Chikowi, kwa Malemia ndi kwa Kuntumanji ukwati ndi wachikamwini, ndipo munda umene bambo walima kwa zaka 30 nthawi zambiri umakhala wa mbumba ya mkazi wake. Bamboyo sangaulembe mu wilo kuti ukhale bwalo la mpira la achinyamata, ndipo akatero wangosiyira achinyamatawo mkangano ndi mwinimbumba. Malo a makolo ali ndi lamulo lawolawo, Customary Land Act ya 2016, choncho malo aliwonse amene mulibe pepala losonyeza umwini kapena lizi yake musawaike mu wilo musanafunse loya. Nyumba imene munamanga limodzi ndi akazi anu kapena amuna anu ku Matawale kapena ku Chinamwali si yanu nokha, ndipo mungapereke gawo lanu lokha. Ndalama za penshoni nazo zili ndi njira yake, chifukwa zimatsata fomu imene munalembapo mayina a odzalandira ku kampani yosunga penshoniyo, osati wilo. Zotsala zimene mungathe kugawa momasuka ndi monga ndalama za mu akaunti yanu, masheya, poloti ya lizi yomwe ili m'dzina lanu, galimoto, ziweto, mabuku ndi zipangizo za ntchito. Pa tsamba lina la kope lomwelo lembani ngongole zanu zonse mosabisa, kuphatikizapo za kubanki mkhonde, popeza ngongole, zolipira pamaliro ndi msonkho wa boma ngati ulipo zimayamba zachotsedwa wina aliyense asanalandire kanthu.

Kusankha bungwe ndi ntchito yofunika miyendo. Ndondomeko ya boma ya achinyamata imawerengera kuti wachinyamata ndi munthu wa zaka zapakati pa 10 ndi 35, ndipo kalembera wa 2018 anaonetsa kuti pafupifupi theka la anthu a m'dziko lino anali asanafike zaka 18, choncho magulu otumikira msinkhu umenewu ndi ambiri ndipo ndi osiyanasiyana. Alipo mabungwe akuluakulu monga YONECO, lomwe linayamba mu 1997 ndipo likulu lake lili mumzinda uno, lodziwika ndi nambala yaulere ya 116 yothandizira ana. Alipo a Scout Association of Malawi ndi a Malawi Girl Guides Association, magulu a achinyamata a m'mipingo ndi m'mizikiti, komanso makalabu ang'onoang'ono a m'midzi amene amakumana pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa sukulu. Sindikuuzani kuti musankhe liti, koma ndikupemphani kuti musasankhe chifukwa cha chikwangwani chokongola cha m'mbali mwa msewu. Pitani mukaone nokha tsiku limene achinyamata amakumana, makamaka osanena kuti mukubwera, ndipo mukawerenge mitu ya ana amene alipodi. Funsani kuti akaunti ya kubanki ili m'dzina la ndani komanso amasainira ndi anthu angati. Mukamva kuti ndalama zimalowa mu foni ya wapampando, dziwani kuti gulu limenelo silinakonzeke kulandira chuma cha masiye, ngakhale wapampandoyo atakhala munthu wabwino chotani. Pemphani kuona lipoti la zachuma la chaka chatha, funsani kuti komiti inasankhidwa liti, ndipo funsaninso malamulo amene ali nawo oteteza ana kwa akuluakulu amene amawayang'anira. Bungwe loyenda bwino silikhumudwa ndi mafunso otere. Mlangizi wa za achinyamata ku ofesi ya bwanamkubwa angakuuzeninso ngati gulu limene mukuliganiziralo amalidziwa.

Mukakhutira ndi ntchito yawo, fufuzani ngati bungwelo lilipo pamaso pa lamulo, chifukwa mphatso ya mu wilo imafuna wolandira amene angathe kukhala ndi katundu m'dzina lake ndi kusainira kuti walandira. Mabungwe ambiri m'Malawi amalembetsa kuboma, ena pansi pa Trustees Incorporation Act ndipo ena ngati kampani yosapanga phindu. Amene si aboma amayeneranso kulembetsa ku NGORA, nthambi ya boma yoyang'anira mabungwe otere, imene inalowa m'malo mwa NGO Board lamulo litasinthidwa mu 2022, pamene mabungwe a achinyamata amalembetsanso ku National Youth Council of Malawi, khonsolo yomwe inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1996. Pemphani fotokope ya satifiketi yolembetsera, ndipo dzina limene mudzalembe mu wilo likhale lomwelo limene lili pa satifiketiyo, chilembo ndi chilembo, pamodzi ndi nambala yake ndi keyala ya ofesi. Kulemba kuti "ndikusiyira achinyamata a ku Sadzi" n'kusiya chitseko chotsegula, chifukwa ku Sadzi kungapezeke timu ya mpira, kwaya ya achinyamata ndi kalabu ya zisudzo, ndipo onsewo adzanena moona mtima kuti malemu ankanena iwo.

Nanga ngati mtima wanu uli pa kalabu yaing'ono ya kumudzi kwanu ku Jali kapena ku Thondwe, yomwe ilibe satifiketi ina iliyonse? Makalabu otere nthawi zambiri ndi amene amagwira ntchito yooneka ndi maso, koma mamembala ake amakula, amakwatira, amapita ku Blantyre kapena ku Joni kukafuna maganyu, ndipo pakatha zaka zisanu mumapeza dzina lokha. Njira imodzi ndi kupereka mphatsoyo kwa bungwe lalikulu lolembetsedwa, monga matrasiti (anthu osankhidwa kusunga chuma m'malo mwa ena) a sinodi, a dayosizi kapena a bungwe la Chisilamu limene kalabuyo ili pansi pake, n'kulemba kuti igwiritsidwe ntchito pa achinyamata a dera lakutilakuti. Njira ina ndi kusankha anthu awiri kapena atatu odalirika kuti adzasunge ndalamazo ngati matrasiti n'kumazipereka pang'onopang'ono, koma imeneyi imafuna loya wolemba mosamala ndipo imayenera chuma chochulukirapo. Kunena zoona, ngati chimene mukufuna kupereka ndi makina osokera, mipira kapena mabuku, ndi bwino kungopereka lero ndi manja anu, pamaso pa amfumu ndi komiti, n'kulemberana kapepala. Zimenezi ndi zimene amalume anga akanachita.

Ngakhale bungwe lalikulu silikhala mpaka muyaya. Amene anakula m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 ankaona ngati gulu la Malawi Young Pioneers silidzatha, koma linatha asilikali atalilanda zida mu Disembala 1993. Mayina nawo amasintha, monga tinaonera pano pomwe pa Chirunga, pamene Chancellor College inakhala University of Malawi payokha mu 2021. Wilo imene mwalemba chaka chino mwina idzawerengedwa patapita zaka 20, choncho muikemo mawu onena kuti ngati bungwelo lidzakhale litasintha dzina kapena litaphatikizana ndi lina, mphatsoyo idzapite kwa limene lalowa m'malo mwake, ndipo ngati lidzakhale litatheratu, woyang'anira chuma chanu adzasankhe bungwe lina lolembetsedwa logwira ntchito yofanana nalo m'boma la Zomba. Popanda mawu amenewa mphatsoyo ikhoza kugwa, n'kubwerera m'chuma chogawana abale.

Tsopano funso lakuti mupereke chiyani, ndipo apa ndikhalitsapo pang'ono chifukwa ndi pamene kwacha yathu imatipusitsa. Ambiri amakonda kutchula ndalama yeniyeni, kunena kuti bungwe lidzalandire K500,000, chifukwa n'zosavuta kumva ndipo palibe angatsutse. Vuto lake ndi lakuti ndalama yolembedwa papepala siyenda pamene mitengo ya zinthu ikuthamanga. Mu Meyi 2022 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 tsiku limodzi. Ndalama imene ikanagula makina osokera angapo pamene munkasaina ikhoza kudzangokwanira thumba la simenti pamene wilo ikuwerengedwa. Palinso ngozi ina yosiyana ndi imeneyi: mukadzadwala nthawi yaitali chuma n'kuchepa, ndalama yotchulidwa ija idzaperekedwa yonse poyamba, ndipo ana anu, amene munawasiyira zotsala, adzapeza zotsalazo zili zochepa kwambiri. N'chifukwa chake ine ndimalimbikitsa kupereka gawo la zotsala, mwachitsanzo gawo limodzi mwa magawo 10 kapena 20 a chuma chimene chidzatsale ngongole, zolipira pamaliro ndi mphatso za apabanja zikadzachotsedwa. Zikadzatsala K20 miliyoni, gawo limodzi mwa 10 ndi K2 miliyoni, ndipo zikadzatsala K2 miliyoni, bungwe lidzalandira K200,000. Mwanjira imeneyi achinyamata ndi ana anu amakwera limodzi ndi kutsika limodzi, ndipo palibe amene angaone mnzake ngati mdani.

Kupereka chinthu chenicheni, monga nyumba, poloti kapena galimoto, n'kothekanso, koma yambani mwafunsa eni bungwe ngati angachikwanitse. Nyumba imafuna msonkho wa khonsolo ya mzinda, kukonza denga ndi kulimbana ndi alendi, ndipo galimoto yakale ikhoza kudya ndalama zimene zikanaphunzitsa ana. Ngati mwasankha chinthu, chifotokozeni moti mlendo angachizindikire, potchula nambala ya poloti ndi dera lake, nambala ya galimoto, kapena dzina la kampani imene muli ndi masheya ake. Kumbukiraninso kuti mukadzachigulitsa mudakali moyo, mphatsoyo yathera pomwepo, ndipo bungwe silidzalandira china m'malo mwake pokhapokha mutalemba choncho.

Ndi chibadwa kufuna kuti ndalama zanu zidzagwire ntchito imene mumaikonda, ndipo muli ndi ufulu wonena zimenezo, koma musamange mfundo yolimba kwambiri moti otsala n'kulephera kuimasula. Taganizirani munthu amene analemba mu 1990 kuti ndalama zake zizilipirira ana fizi ya ku pulaimale basi, osati china chilichonse. Mu 1994 boma linachotsa fizi imeneyo, ndipo matrasiti ake akanatsala ndi ndalama zimene sangazigwiritse ntchito popanda kukapempha chilolezo kukhoti. Ndi bwino kutchula cholinga chotakata, monga maphunziro a atsikana, ntchito zamanja kapena masewera, n'kuwonjezera kuti ichi ndi chikhumbo chanu koma atsogoleri a bungwe angathe kusintha ngati zinthu zasintha. Amene tinaona zimene namondwe wa Freddy anachita m'chigawo chino mu Malichi 2023 tikudziwa kuti chaka china chosowa chachikulu cha wachinyamata chimakhala denga ndi chakudya, osati mpira.

Mawu oti mupite nawo kwa loya angakhale otere, ndipo iye adzawakonza kuti agwirizane ndi lamulo: "Ndikupereka gawo limodzi mwa magawo khumi a chuma changa chotsala kwa bungwe lakutilakuti, lolembetsedwa pa nambala yakutiyakuti, lomwe ofesi yake ili pamalo akutiakuti m'boma la Zomba, kuti ligwiritse ntchito pothandiza achinyamata. Chikhumbo changa n'chakuti mphatsoyi ithandize kuphunzitsa ntchito zamanja, koma sindikuwamanga atsogoleri a bungweli pa chimenechi. Ngati bungweli lidzakhale litasintha dzina, litaphatikizana ndi lina kapena litatha, woyang'anira chuma changa adzapereke mphatsoyi kwa bungwe lolembetsedwa limene ntchito yake ikufanana kwambiri ndi ya bungweli. Lisiti yosainidwa ndi msungichuma kapena mkulu wina wovomerezeka wa bungwelo idzakhala umboni wokwanira woti mphatsoyi yaperekedwa."

Lamulo silikakamiza kuti wilo ilembedwe ndi loya, koma pamene mukuphatikizamo bungwe, malo kapena matrasiti, ndalama yolipira loya ndi yochepa poyerekeza ndi ya mlandu umene ungadzabuke. Onetsetsani kuti loyayo ali ndi chilolezo chogwirira ntchito chaka chimenecho, zomwe mungafunse ku Malawi Law Society, ndipo amene alibe ndalama angayambe wakafunsa uphungu ku ofesi ya Legal Aid Bureau ya mumzinda uno. Kwa loya pitani nokha, kapena ndi munthu amene sadzapindula kanthu. Musalole kuti mkulu wa bungwe lomwe mukulisiyira mphatso akuperekezeni, akulipirireni kapena akulembereni mawu, ngakhale atadzipereka ndi mtima woyera, chifukwa tsiku lina wachibale adzaimirira m'khoti n'kunena kuti malemu anachita kunyengereredwa. Ngati wilo yalembedwa m'Chingerezi, muuzeni loyayo akumasulireni ndime iliyonse m'Chichewa kapena m'Chiyao mpaka mutakhutira kuti zimene zili papepala ndi zimene zili mumtima mwanu.

Tsiku losaina ndi limene wilo zambiri zimafera, pa zifukwa zazing'ono. Wilo iyenera kukhala yolembedwa, ndipo muisaine pamaso pa mboni zosachepera ziwiri, zomwe ndi anthu akuluakulu amutu wabwino, zili pamodzi nthawi imodzi, kenako mbonizo zisaine inu mukuona ndipo nazonso zikuonana. Tanthauzo lake n'lakuti anthu atatu mukhale patebulo limodzi, chitseko chitsekedwe, foni ikalira isayankhidwe, ndipo aliyense asadzuke mpaka cholembera chitazungulira onse. Kusaina m'mawa kunyumba, n'kutumiza mwana ndi envelopu kuti aphunzitsi akasaine kusukulu masana ndipo abusa akasaine madzulo, n'kuononga pepala. Lembani deti, sainani tsamba lililonse m'munsi, ndipo mboni zilembe mayina awo onse, keyala ndi nambala ya chiphaso cha unzika kuti zidzapezeke mosavuta. Mboni siziyenera kuwerenga zimene mwalemba, popeza ntchito yawo ndi kuona kuti mwasaina ndinu, mwakufuna kwanu. Munthu amene adzalandire kanthu mu wiloyo, kapena mkazi kapena mwamuna wake, asakhale mboni, chifukwa akhoza kutaya gawo lake, ndipo pofuna kupewa mkangano musatengenso wapampando, mlembi kapena msungichuma wa bungwe lija. Amene satha kulemba amadinda chala, ndipo pamenepo loya alembe kuti wiloyo inawerengedwa mokweza m'chinenero chimene mwiniwake amamva. Kwa okalamba kwambiri kapena odwala, kalata ya dokotala yotsimikiza kuti mutu unali bwino tsiku limenelo imatseka pakamwa pa ambiri.

Mu wilo momwemo mumatchula munthu amene adzayendetse zonse, yemwe maloya amamutcha executor. Iyeyu ndi amene adzatenge wilo kupita nayo kukhoti kukapempha chilolezo chogawira chuma, ndipo mwayi wathu ndi wakuti High Court ili ndi ofesi konkuno ku Zomba. Sankhani anthu awiri, mmodzi wa m'banja ndi wina wakunja, makamaka ocheperapo msinkhu kuposa inu, odziwa kusunga mapepala ndiponso olimba mtima moti angathe kuuza atsibweni awo kuti ayi mwaulemu. Apempheni mudakali moyo, musawadzidzimutse pamaliro. Ngati palibe amene mukumukhulupirira, loya kapena ofesi ya boma yoyang'anira chuma cha masiye ya Administrator General angagwire ntchitoyi, ngakhale kuti pamakhala zolipira.

Chinthu chimene pepala silingachite m'malo mwanu ndi kulankhula ndi abale. Kulanda chuma cha masiye ndi mlandu waukulu pansi pa lamulo la 2011, koma bungwe la achinyamata silingakonde kukokera mayi wamasiye kupolisi chifukwa cha mphatso, ndipo nthawi zambiri likaona mkangano limangobwerera m'mbuyo mwakachetechete. Choncho chitetezo chenicheni cha mphatso yanu ndi chakuti a pakhomo panu aimve kuchokera pakamwa panu. Yambani ndi akazi anu kapena amuna anu muli awiri, kenako itanani ana akuluakulu, mwinimbumba ndi ankhoswe a mbali zonse ziwiri. Simukuyenera kuwaululira ziwerengero zonse, koma muwauze kuti, "Anthuni, ndalemba wilo, aliyense wa inu ndamuganizira, ndipo kagawo kakang'ono ndasiyira ana a kalabu ija chifukwa ndi kumene ndaona ana a anzathu akuwongoka." Pafupifupi banja lililonse kuno lili ndi wina amene anaphunzira ndi fizi ya munthu amene sanali bambo ake, kaya amalume, kaya ansembe, kaya mphunzitsi wachifundo, ndipo mukawakumbutsa zimenezo mwambi uja wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe sufunanso kumasulira. Wina akakwiya, ndi bwino akwiye mudakalipo kuti mumuyankhe. Atengeni ana anu tsiku lina akaone zimene bungwelo limachita, chifukwa mwana amene anaonapo mtsikana wa msinkhu wake akusoka yunifolomu yoyamba sadzavutika kumvetsa chimene bambo kapena mayi ake ankafuna.

Wilo yosainidwa bwino koma yosapezeka ndi chimodzimodzi ndi yosalembedwa. Musaiike pansi pa matiresi kapena m'sutikesi ya zovala, momwe chiswe, madzi a mvula kapena dzanja la munthu wosakondwa nayo zingaifikire. Mungathe kuisungitsa ku High Court, ku ofesi ya bwanamkubwa, kwa loya wanu kapena kubanki, ndipo kulikonse kumene mwasankha tengani kapepala kosonyeza kuti mwasungitsa, n'kuuza oyang'anira chuma aja kumene ili. Kunyumba sungani fotokope yokha. Muziiwerenganso pakapita zaka zitatu kapena zinayi, komanso nthawi iliyonse pamene m'banja mwabadwa mwana, mwagwa maliro, mwagula kapena kugulitsa malo, kapena mwamva kuti bungwe lija lasintha atsogoleri ndipo zinthu sizikuyendanso bwino. Mukalowa m'banja latsopano lembani wilo ina, chifukwa ukwati ukhoza kufafaniza wilo imene munalemba kale. Posintha musafute ndi cholembera kapena kulemba m'mphepete mwa tsamba. Lembani wilo yatsopano yonena kuti ikuthetsa zakale zonse, kapena kapepala kowonjezera komwe maloya amakatcha codicil, ndipo zonsezi zimasainidwa pamaso pa mboni ziwiri monga poyamba paja.

Za kuuza bungwe lenilenilo, maganizo anga ndi akuti muwalembere kalata yaifupi atsogoleri ake, osati munthu mmodzi koma komiti yonse, yowadziwitsa kuti mwawakumbukira mu wilo ndi kuwapatsa mayina a oyang'anira chuma chanu, popanda kutchula kuchuluka kwa mphatsoyo. Kalatayo siikumangani, ndipo mukhoza kusintha maganizo nthawi ina iliyonse. Phindu lake n'lakuti idzakhala mu faelo yawo ngakhale komiti itasintha kangapo, ndipo akadzamva za maliro anu adzadziwa woyenera kumufunsa mwambo wa maliro ukadzatha. Apempheni kuti akuyankheni polemba, atsimikize dzina lawo lolembetsedwa ndi nambala yake, ndipo yankho limenelo mulisunge pamodzi ndi fotokope ya wilo ndi ya satifiketi yawo mu envelopu imodzi.